Plead: mawu amene kunyumba amalira koma akalowa m'khoti amapukuta misozi

Mwana wa achemwali anga, ali Fomu 3, ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha mutu wa nkhani ya m'nyuzipepala ya Chingerezi, wonena kuti bambo wina "pleads guilty" pa mlandu wosowetsa ndalama za kuntchito kwake. Pansi pake iye nkulemba kuti, "Amalume, nde munthuyu akuchonderera kuti amupeze wolakwa? Ndende akuifuna yekha?" Ndinawerenga kawiri nkuona kuti funso la mwanayu ndi lomveka ndithu, chifukwa kusukulu anamuphunzitsa kuti plead ndi kuchonderera, kadikishonale kake kakunenanso zomwezo, nde akaphatikiza ndi guilty zikutuluka zimene watulutsazo basi. Ndinayamba kumuyankha pafoni pomwepo koma yankho linangotalikirabe, mpaka ndinati ayi bola ndilembe bwinobwino kuti ena aone nawo, poti si iye yekha amene mawuwa amamuzunguza mutu, akuluakulu omwe, ena oti sukulu anapita nayo patali.

Nkhani yake ndi yakuti plead ndi mawu amodzi koma amagwira ntchito malo awiri osiyana kwambiri. Kunyumba, pamsewu, kuchipatala, plead ndi kuchonderera kwenikweni kuja, kwa misozi m'maso, kogwira mwendo. Koma mawu omwewo akangolowa m'khoti amasiya kulira, amangotanthauza kuyankha mlandu, kunena mbali imene waima, kaya ukuvomera kaya ukukana. Munthu amene waimirira m'kabokosi muja nkunena mwamphamvu, maso ali gwa, kuti "not guilty", nayenso wapanga plead. Palibe amene wamuchonderera pamenepo.

Tiyambe ndi mbali ya misoziyo, poti ndi imene timakumana nayo tsiku ndi tsiku.

Ife m'Chichewa tili ndi masitepe athu a kapemphedwe ndipo aliyense amawadziwa osachita kuphunzitsidwa. Mchere kwa neba umangopempha. Kondakitala akafuna kukutsitsa panjira chifukwa ndalama yaperewera, apo umachonderera, mawu akuti chonde aja amabwera kawiri katatu. Mwana wako akatsekeredwa, kapena eni nyumba akatulutsa katundu wako panja mvula ili pafupi, pamenepo supemphanso ayi, umadandaulira, umagwira mwendo, pena kugwada kumene. Chingerezi nachonso chili ndi masitepe otero. Pansi pali ask, wa mchere uja. Kenako request, amene ndi ask yemweyo koma wavala jekete, wa m'makalata ndi m'maofesi. Ukakwera ukupeza beg ndi plead, pamwamba penipeni implore ndi beseech. Plead amakhala pamene munthu wathedwa nzeru, mphamvu zili kwa winayo, iwe chimene watsala nacho ndi pakamwa pako ndi nkhope yako basi. Mwa njira ina ndinganene kuti plead ndi kupempha kokhala ndi zifukwa, ukufotokoza, ukubwereza, ukuyesa kufewetsa mtima wa munthu. Ngakhale kankhope kaja ka pafoni ka maso akuluakulu onyezimira misozi, kamene atsikana amakonda kutumiza akafuna bandulo, dzina lake lenileni ndi pleading face, kanalowa m'mafoni mu 2018.

Pomwe ambiri timagwa ndi pa kalumikizidwe kake. Ife timati ndikukuchondererani, munthu amene tikumuchondererayo ali mkati mwa mneni momwemo, palibe kamawu kena koima pakati. Nde tikamalemba Chingerezi dzanja limangothamangira "I plead you", zomwe ndi zolakwika. Plead safika kwa munthu yekha, amafuna with. Chinthu chimene ukufunacho chimatenga for. Mayi amene akuchonderera dokotala kuti aone mwana wake, "she pleaded with the doctor to see her child". Alimi amene akuchonderera kuti awaonjezere nthawi yobweza ngongole, "they pleaded for more time". Ukhoza kuphatikiza zonse, with kwa munthu, for kwa chinthu, m'chiganizo chimodzi. Chosokoneza nchakuti azibale ake aja safuna with. "I beg you", "I implore you", "I beseech you", onsewa amagunda munthu mwachindunji ngati mmene timachitira ifeyo. Plead yekha ndi amene ali ndi khalidwe lakelake. Ndipo dzina lochokera kwa iye ndi plea, lopanda d, nde simunganene kuti "my plead", mumati "my plea", monga nyuzipepala zimalembera "a plea for help", pempho la munthu amene madzi afika m'khosi.

Azibale akewo aliyense ali ndi fungo lake, ndipo ukadziwa kumene anachokera sumawasokonezanso. Implore anachokera ku Chilatini, muli mawu akuti plorare, kulira mokuwa, kulira kwa pamaliro kuja. Nde implore kwenikweni ndi kupempha uku ukulira. Nchifukwa chake ine zimandipweteka pang'ono ndikamawerenga nyuzipepala zathu za Chingerezi, tsiku lililonse nduna "has implored" mafumu, DC "has implored" makolo, mkulu wa bungwe "has implored" achinyamata, pomwe munthuyo anangowerenga zolembedwa papepala atakhala pa mpando wa khushoni pansi pa tenti. Amene uja walimbikitsa, wapempha, urge kapena call on akukwanira. Mawu olemera tikamawagwiritsa ntchito paliponse amatha ngati sopo, nde tsiku limene mayi wa ku Nsanje madzi amutengera nyumba akulira zenizeni pamaso pa akuluakulu, mtolankhani amapezeka alibe mawu otsala oti afotokozere kulirako.

Beseech ndi wakale, wa Chingerezi chenicheni osati wobwereka, m'bale wake wa seek, kufunafuna. Masiku ano simungamumve pamsika ku London, amapezeka m'mapemphero ndi m'mabuku akale. Amene anakulira pa Baibulo la King James, lija linatuluka mu 1611, amamudziwa bwino, pa Aroma 12 vesi 1 Paulo akuyamba ndi "I beseech you therefore, brethren". Ndipo mu 1650 Oliver Cromwell, msilikali woopsa uja wa ku England, polembera akuluakulu a mpingo wa ku Scotland nkhondo ili pafupi, anagwiritsa ntchito mawu omwewa kuwadandaulira m'dzina la Khristu kuti aganizireko zoti mwina nkutheka akulakwitsa ndi iwowo. Taonani kuti munthu wa mfuti m'manja akusankha beseech, nde kuti mawuwa sikuti ndi a munthu wofooka yekha ayi, ndi a munthu amene akulankhula ndi mtima wonse pa nkhani ya moyo ndi imfa. Past tense ya beseech ndi besought, ngakhale beseeched amalolanso. Pali entreat, amene m'Baibulo lomwelo ali pakamwa pa Rute pouza Naomi kuti asamuumirize kubwerera kwawo, ndiye pali supplicate, amene muzu wake ndi kupinda, munthu wopinda mawondo. Awiriwa mungowadziwa kuti mukawapeza musadabwe, koma osawaika mu meseji yopita kwa bwana.

Beg nde ali ndi mavuto ake. Mbali imodzi ndi kupemphetsa kwa pamsewu, beggar ndi wopemphapempha uja, nchifukwa chake mawuwa amatha kumutsitsa munthu kwambiri. Koma mbali ina alowa m'mawu aulemu oti mulibemo kupempha kulikonse. "I beg your pardon" ndi pepani, kapena sindinamve bwerezani, pena akanenedwa mokweza ndi nkhope yokwinya amatanthauza kuti mwati chani, mukundinyoza eti. "I beg to differ" ndi kukana mfundo ya mnzako mwaulemu pamsonkhano. Anzathu a ku Nigeria anamutenga beg nkumufupikitsa kukhala abeg, amene amagwira ntchito ngati chonde wathu yemweyu, mwamumva kambirimbiri m'mafilimu awo.

Kusiyana kwa kulemera kumeneku ndinakuona bwino tsiku limene azakhali anga anandipeza kuti ndiwalembere kalata yopita kwa ahedi a sukulu ya mwana wawo. Amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho, fizi inali isanathe, mayeso ali pafupi. Anakhala pamkeka pakhonde, chitenje atafunda mpaka m'mapewa, ine pa kampando ndi laputopu pamiyendo, iwo akunena ine ndikulemba. Anati, "Uwauze kuti ndagwira mwendo wawo, ndilibe kolowera, ndine mayi wamasiye, andimvere chisoni ngati mwana wawo." Pa Chichewa mawu amenewa ndi aulemu wake, kudzichepetsa pamaso pa wamkulu ndi mwambo ndipo womva amadziwa kuti ukumulemekeza. Koma ukawatembenuza onse mmene alili kupita m'Chingerezi, I beg, I implore, have mercy, mzere ndi mzere, kalata ya ku ofesi imayamba kumveka ngati sewero, ndipo mfundo yeniyeni, yoti mwalipira zingati, zatsala zingati, mumaliza liti, imamira m'misozi. Nde ndinalemba "I kindly request", nkuika tsiku limene bambo anamwalira, ndalama zimene zaperekedwa kale, ndi mwezi umene adzamalize akagulitsa mtedza. Nditawawerengera mowamasulira anakhala chete kaye, kenako anati, "Zonsezo nzoona, koma nanga mwendo uja uli pati?" Ndinamva kuti akunena zoona, kalatayo inali yolondola koma mwini wake munalibe. Ndinaonjezera chiganizo chimodzi chokha kumapeto, "I plead with you to allow her to sit for the examinations." Nditawauza kuti apa ndalemba kuti ndikukuchondererani mumulole mwanayu alembe mayeso, anagwedeza mutu nkunena kuti tsopano ndi kalata yanga. Plead mmodzi yekha, pamalo pake, ananyamula zonse zimene ankafuna kunena zija.

Tsopano tibwerere kwa bambo wa m'nyuzipepala uja, tione kuti zinatheka bwanji mawu a kuchonderera kupezeka akuyankha mlandu.

Chodabwitsa nchakuti tanthauzo la kukhoti ndi limene linayamba, la misozi linabwera pambuyo. Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kuyambira pamenepo kwa zaka mazana angapo anthu apamwamba, mafumu ndi makhoti awo ankayendera Chifalansa. Mawu ambiri a zamalamulo amene timawamva lero, judge, jury, court, verdict, attorney, analowa m'Chingerezi kudzera pakhomo limeneli. Plead naye ndi wa gulu lomwelo, anachokera ku plaidier, kutsutsana pa mlandu pamaso pa oweruza. Ukakumba pansi ukupeza mawu a Chilatini akuti placitum, chimene chakomera oweruza, chigamulo, ochokera ku placere, kukondweretsa. Nde plead, plea, please ndi pleasure ndi ana a mimba imodzi, ngakhale lero sakuoneka kuti amadziwana. Poyamba plead kunali kuima pabwalo nkufotokoza mbali yako kapena ya munthu amene ukumuimira. Ndiye poti munthu woima pamaso pa oweruza nthawi zambiri amakhala akulankhula ndi mtima wonse kuti apulumuke kapena apulumutse mnzake, pang'onopang'ono mawuwa anatuluka m'khoti nkuyamba kutanthauza kudandaulira kulikonse kochokera pansi pa mtima. Nchimodzimodzi mmene ife tinatengera mawu akuti mlandu, a pabwalo la amfumu, nkumati ulibe mlandu, pa nkhani yoti wangotaya tiyi patebulo.

Pali kanthu kena m'mbiri imeneyi kamene kamandikhudza. Mu 1362, nthawi ya mfumu Edward III, ku England anakhazikitsa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi, chifukwa anthu wamba ankaima m'khoti osamva zimene maloya akunena zowaikira kumbuyo kapena zowatsutsa, zonse zinali m'Chifalansa. Lamulolo limadziwika ndi dzina loti Statute of Pleading, ndipo ilo lomwe linalembedwa m'Chifalansa, zolemba za khoti nkumapitirirabe m'Chilatini, mpaka lamulo lina la 1730 ndi limene linadzati zolembazo nazo zikhale m'Chingerezi. Tangoganizani, Angerezi eni ake anavutikapo ndi khoti lolankhula chiyankhulo chachilendo, anadandaula, anasintha. Kenako malamulo awo omwewo anabwera nawo kuno, mu 1902 analamula kuti malamulo a ku England azigwira ntchito m'dziko lino, ndipo mpaka lero zolemba za m'makhoti athu zili m'Chingerezi, agogo a kumudzi amaima m'kabokosi kudikira womasulira awauze zimene zikunenedwa za moyo wawo.

Funso limene khoti limafunsa woimbidwa mlandu kuti akuvomera kapena akukana, lakuti "how do you plead" silinali la masewera kalelo. Mlandu sunkatha kuyamba munthu asanayankhe, nde ku England wokana kuyankha ankamugoneka pansi nkumamusanjikiza miyala kapena zitsulo pachifuwa mpaka ayankhe kapena afe. Ena ankasankha kufa chomwecho chifukwa munthu akafa asanapezeke wolakwa, chuma chake sichinkalandidwa ndi boma, chinkatsalira ana. Ku America nkhani yodziwika ndi ya Giles Corey, mkulu wa zaka pafupifupi 80 wa ku Salem, ku Massachusetts, amene mu 1692 anamuimba mlandu wa ufiti, iye nkukana kulowa m'mlanduwo, anamupsinja ndi miyala masiku awiri mpaka kumwalira. Ku England nkhanza imeneyi anaithetsa mu 1772, ndipo kuyambira 1827 munthu akangokhala chete khoti limalemba kuti wakana mlandu. Mpaka pano ndi mmene zimayendera, kukhala chete sikuvomera.

Nde mukaona "pleaded guilty" dziwani kuti wavomera mlandu, "pleaded not guilty" wakana mlandu, basi. Kamawu kotsatira ndi to, osati of. Munthu amapanga "plead guilty to theft", koma khoti likamupeza wolakwa timati "found guilty of theft". Awiriwa ndi osiyana ndipo atolankhani ena amawasakaniza, koyambako munthu wavomera ndi pakamwa pake, kwachiwiriko mwina anakana mpaka mapeto koma umboni wamugwira. Pa past tense ya mneniyu, a ku Britain ndi makhoti athu amalemba pleaded, a ku America ndi ku Scotland mumamva pled kawirikawiri, zonse nzololedwa, koma pa mayeso a kuno lembani pleaded musavutike.

Ku America kuvomera mlandu kunasanduka msika weniweni, amati plea bargain. Woimira boma amauza woimbidwa mlandu kuti ukavomera mlandu wocheperapo uwu, waukuluwu tiusiya, kapena tipempha chilango chochepa, iwe nkuvomera, nkhani yatha popanda mboni. Khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Missouri v. Frye mu 2012, linanena kuti mwa anthu 100 alionse opezeka olakwa m'makhoti a boma lalikulu, 97 amakhala ovomera okha, ndipo m'makhoti a zigawo ndi 94. Zija timaonera m'mafilimu, loya akuyendayenda kutsogolo kwa jury, gulu la anthu wamba ogamula ngati munthu walakwa, akutuluka thukuta, ndi kagawo kochepa zedi ka milandu ya kumeneko. Alinso ndi mayankho ena oti kuno sitiwamva. Pali no contest, kapena nolo contendere m'Chilatini, kutanthauza sindikuvomera koma sinditsutsa, ndilangeni. Spiro Agnew, wachiwiri kwa pulezidenti Richard Nixon, anayankha chomwecho mu 1973 pa mlandu wozemba msonkho nkutula pansi udindo. Pali Alford plea, yochokera pa mlandu wa mu 1970 wa Henry Alford wa ku North Carolina, amene anavomera mlandu wakupha uku akunenetsa kuti sanaphe, anangoopa chilango cha imfa akanapita nawo mlanduwo mpaka mapeto. Ine imeneyi imandiwawa mumtima, munthu kunena kuti guilty ndi pakamwa pomwepo pakunena kuti sindinachite, ndipo khoti nkulandira.

Kuchokera m'khoti momwemo munatulukanso kagwiritsidwe kena kachitatu, kamene sikuchonderera komanso sikuyankha mlandu weniweni, ndi kupereka chifukwa chodzitetezera. "He pleaded ignorance" ndiye kuti anati ine sindimadziwa. "The company pleaded poverty" ndiye kuti kampani inati tilibe ndalama, ndipo nthawi zambiri wolembayo amakhala akukayikira, ngati mmene ife timanenera kuti ananamizira umphawi. Apa palibe with palibe for, chifukwacho chimangotsatira pompo. "Plead the Fifth" ndi ya ku America, ikuchokera pa ndime yachisanu ya zosintha za malamulo aakulu a dzikolo, za mu 1791, imene imati munthu asakakamizidwe kupereka umboni wodzimangitsa yekha, nde achinyamata pa intaneti amangoinena akafunsidwa funso lowavuta, kutanthauza pamenepo sindiyankhapo. Pa milandu ya pakati pa anthu, ya malo, ngongole, chipukuta misozi, maloya akamati pleadings akunena mapepala amene mbali iliyonse yalembamo nkhani yake. Ndipo mukamva loya akuuza jaji kuti "we pray", sakupemphera ayi, pray kalelo kunali kupempha wamba, m'khoti ndi mmene tanthauzo lakalelo linatsalira.

Chimene chandipangitsa kulemba zonsezi motalika chonchi si galamala kwenikweni. Ndi zimene ndinaona tsiku lina m'khoti la majisitireti nditaperekeza neba wanga pa nkhani yake. Tikudikira, anaitana mnyamata wina, wa zaka mwina 20, malaya ong'ambika paphewa, silipasi imodzi yomanga ndi waya, mlandu wake wakuba njinga. Anamuwerengera mlandu m'Chingerezi, womasulira nkubwereza m'Chichewa, kenako funso lija, "Mlanduwu waumva? Ukuvomera kapena ukukana?" Mnyamatayo anayang'ana kumbuyo kumene kunakhala mayi ake, mayiwo akumukodola ndi mutu, nde iye anapinda manja kumbuyo nkunena motsitsa mawu kuti, "Ndikuvomera bwana, mundikhululukire, njingayo ndinangobwereka ndimafuna ndibweze madzulo."

Zinali zoonekeratu kuti kunyumba anamulangiza ngati mmene timalangizirana pabwalo la amfumu, kuti ukafika kumeneko usakalimbe mutu, ukadzichepetse, ukapepese, akuluakulu akakumvera chisoni. Ndipo kumudzi malangizo amenewo ndi anzeru, chifukwa pabwalo lathu kuvomera, kupepesa ndi kuchonderera zimayendera limodzi, wodzichepetsa ndi amene nkhani imamuthera msanga, cholinga chimakhala choti anthu abwererane. Koma khoti ili linazigawa zinthuzi pawiri. Nthawi ya plea ndi yoyankha funso limodzi lokha, unachita zimene akunenazi, mmene akuzineneramu, kapena ayi. Ukati ndikuvomera ndiye kuti wavomera mbali zonse za mlanduwo, kuti unatenga, chinali cha mwini, ndipo unalibe maganizo obweza. Mboni sizibweranso, wapolisi woimira boma amangowerenga mmene zinachitikira, ukati nzoona khoti limakupeza wolakwa pompo, ndipo kudzachita apilo pa chinthu choti unavomera wekha ndi kovuta kwambiri. Kuchonderera kuli ndi nthawi yake ina, pambuyo poti wapezeka wolakwa chilango chisanaperekedwe, imene maloya amati plea in mitigation, ija atolankhani a Chichewa amalemba kuti podandaula anapempha bwalo kuti limuganizire poti nkoyamba kupalamula ndipo amasamala ana amasiye. Apo nde pamene plead wa misozi uja amaloledwa kulowa m'khoti. Mawu ndi amodzi, plea, koma koyamba ukuyankha, kachiwiri ukudandaula, ndipo amene wasokoneza nthawi ziwirizi akhoza kugona kundende pa mlandu woti akanaukana nkupambana.

Mwayi wa mnyamata uja unali woti a majisitireti anamvetsera mawu ake onse, osati oyamba okha. Lamulo limafuna kuti khoti lisanalembe kuti munthu wavomera, litsimikize kuti akumvetsa chimene akuvomeracho ndi zotsatira zake, ndiponso kuti akuvomera popanda koma. Uyu anali ndi koma wake, ndinangobwereka, ndipo wobwereka ndi mtima wobweza si wakuba. Anamufunsanso kachiwiri modekha kudzera mwa womasulira, iye nkubwereza zomwezo, kuti mwini njingayo ndi mnzake ndipo amabwerekana. A majisitireti analemba kanthawi kenako womasulira anati, "Khoti lalemba kuti mlanduwu waukana. Udzabweranso tsiku lomva mboni."

Mayi aja kumbuyo anagwira kumutu. Titatuluka panja ndinawapeza atatsamira mtengo wa mango akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akuuza mnzawo kuti mwana wapepesa bwinobwino koma akuluakulu akana kupepesa kwake, amulembera zoti ndi wamakani, tsopano amupatsa zaka zambiri. Ndinasendera pafupi nkuwapatsa moni, ndinati, "Mayi, pepani ndilowerere, zimene zachitika mkatimu ndi zabwino kwa mwana wanu. Sanamukanire kupepesa, nthawi yopepesa sinafike. Lero amangofuna kudziwa ngati anaba, iye wati anabwereka, nde amupatsa mpata woti adzafotokoze, mwini njinga naye adzafunsidwe." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti akanangoti ndikuvomera nkusiyira pomwepo, bwenzi pano atapita?" Ndinati eya, mwina bwenzi pano akukwera galimoto ija. Anatembenuka kuyang'ana galimoto ya ndende imene inaima pafupi ndi geti, nkukhala pansi pa muzu wa mtengowo, nkundifunsa kuti tsiku la mbonilo iwo angabwere ndi ndani woti anaona ana awiriwa akubwerekana njinga.